Bambo anga sanagwirepo chiwongolero, koma apu yanu ikuti ndi dalaivala

Apolisi akuwafunsa bambo anga za galimoto yomwe sanaionepo. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, diso lamanzere lili ndi ng'ala, chibadwire anayendetsapo njinga yakapalasa ndi ngolo za mumgodi ku Chakari basi. Inu a apu ija yoitanira mabasi, makombi ndi matakisi pafoni, mukudzidziwa. Ndikulankhula ndi inu, ndipo ndapsa mtima.

Mwezi watha achimwene awo anamwalira ku Chegutu. Ine kuntchito sanandilole kuchoka, ndiye ndinawagulira tikiti ya basi pa apu yanuyo kuti mkulu asakakanganirane malo ndi anyamata pasiteji. Apu inafuna chithunzi cha chitupa cha wokwera, kutsogolo ndi kumbuyo. Inafunanso nkhope yawo. Akuti n'chitetezo. Ababa anakana poyamba. Chitupa chimenecho anachivutikira zaka zambiri, akutchedwa mlendo m'dziko lomwe anabadwiramo, moti amachisunga m'pulasitiki ndipo ngakhale ife ana awo sitichigwira. Ndinawanyengerera mpaka analola. Anapita kumaliro, anabwera bwino, tinaiwala.

Lachiwiri m'mamawa apolisi awiri anagogoda kwathu ku Kadoma. Anati mayi wina wa ku Chegutu anaitana takisi pa apu kuti apite ku Mubaira ndi makina ake osokera. Pakati panjira dalaivala anamutsitsa, n'kumulanda foni, n'kuthawa ndi makinawo. Dzina la dalaivalayo pa apu? La bambo anga. Nkhope? Yawo. Nambala ya chitupa? Yawo yomwe. Apolisiwo atawaona akupapasa ndodo kuti aimirire, anayang'anana. Koma dzina lalembedwa kale pamlandu. Anatiuza kuti a kampani atsimikize kuti akaunti ya dalaivalayo si ya ababa, apo ayi Lolemba ababa akayankhe okha kupolisi.

Tsiku lomwelo ndinapita kuofesi yanu ya m'tauni muno. Ofesi? Kachipinda, mpando umodzi, ndi mtsikana akudya maputi, chimanga chokazinga chija. Anati iye amangogulitsa matikiti, ndiimbe foni. Ndinaimba. Ananditsegulira nyimbo mpaka mayunitsi anga anatha. Nditabwerera kwa mtsikanayo anati nkhani zazikulu n'za bwana wa ku Chegutu. Sanadzutse n'komwe mutu.

Lachitatu ndinajomba kuntchito, ndinawatenga ababa, tinakwera kombi. Bwana wake tinamupeza, tayi pakhosi, fungo la perefyumu mpaka pakhomo. Ndinafotokoza zonse. Anamwetulira n'kunena kuti, "Sisi, zinthu za makasitomala athu n'zotetezeka kwambiri." Zotetezeka? Nanga nkhope ya bambo anga yafika bwanji pa takisi ya wakuba? Yayenda yokha wapansi?

Nditamupanikiza, anaulula ngati nkhani wamba. Akuti chithunzi chikalowa, amachiona a mabasi, eni makombi, eni matakisi, ngakhale otumiza katundu, chifukwa onse ali m'khola limodzi. Ndinafunsa kuti ndani anatsegula chitupa cha bambo anga. Akuti sangadziwe, alipo ambiri. Kenako anawonjezera kuti ndinavomereza ndekha pamene ndinadina batani. Ine ndinavomereza ulendo wa kumaliro, bwana. Sindinavomereze kuti mupatse fisi mbuzi kuti asunge.

Ndinati chabwino, tsekani akauntiyo pompano, mwini dzina ndi uyu wakhala apayu. Apa ndiye mumve zodabwitsa. Akuti akaunti amatseka ndi mwini wake yekha, polemba nambala yachinsinsi yomwe imatumizidwa pafoni imene inalembetsedwa. Foni ya ndani? Ya wakubayo! Ndiye kuti tikamupemphe wakuba kuti atithandize kudzitsekera? Munaganiza zimenezi muli bwinobwino?

Ababa anatulutsa chitupa m'pulasitiki muja, n'kuchiika patebulo. "Aikona, ayi, mwanangu," anatero kwa bwanayo. "Tayang'anani bwino. Uyu ndine. Ndakalambira pansi pa nthaka, motokari sindiidziwa. Ngati wa m'foniyo ndiye mwini, ndiye ine ndine ndani?" Bwana sanachikhudze n'komwe. Anangoti, "Sekuru," kutanthauza agogo, "musadandaule, tikatumiza ku Harare, akayankha pakatha masabata awiri." Ndinamukumbutsa za Lolemba. Anati zapolisi si mbali yake. Ndinamva misozi ikubwera, koma ndinakana kulira pamaso pa munthu wotero.

Tili m'kombi pobwerera ndinatsegula apu kuti ndione ngati mwina achita manyazi. Ayi ndithu. Dalaivala uja akadali pantchito, ndipo pansi pa nkhope ya bambo anga alembapo kuti ndi wotsimikizika. Eni nkhope ali pambali panga akuwodzera ndi njala, pafoni akunyamula anthu.

Tsono ndiyankheni poyera, pomwe pano, anthu aone. Ndani mwa anthu anu anatenga chithunzicho? Munamutsimikiza bwanji dalaivala osamuona? Ndi zitupa zingati za makolo athu zomwe zikuyendetsa magalimoto eni ake ali kunyumba? Ndipo Lolemba ndani wa inu adzaime pambali pa bambo anga? Chibwerere ku Chegutu Lachitatu lija sakudya bwino, akungofunsa ngati angawalande chitupa. Ine zikundiwawa.

Abale a ku Kadoma, Chegutu ndi Chakari, musatumize chitupa cha kholo lanu pa apu imeneyi, bola mukaime pasiteji dzuwa likuwotcheni. Ndipo mukaitana galimoto, foni n'kukuonetsani mkulu waimvi wa diso limodzi loyera kuti ndiye akubwera kudzakutengani, chonde musakwere. Amenewo ndi bambo anga, ali kunyumba. Amene akubwerayo ngakhale eni apu sakumudziwa.