Miyendo Makumi Anayi

Kanali kakuda, kotalika ngati chala changa, ndipo kanali ndi miyendo makumi anayi yachitsulo, makumi awiri mbali iyi, makumi awiri mbali inayo. Amalume ankakasunga m'chitini cha fodya. Ankakatcha ubongo, koma ine ndinkangoona bongololo.

Amalumewo, achimwene a mayi anga, anafika kwathu kwa Malemia pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Kwawoko ankakonza mawayilesi, kuno analibe ntchito. Kapitawo wina wa ku esiteti ya nzimbe anawapatsa kachipangizo kazamagetsi kameneka pamodzi ndi mapepala ake. Anati malangizo ali kale m'katimo, ndipo akakalumikiza bwino kadzaphethiritsa kababu kofiira. Kababuko kakaphethira mwezi usanathe ndiye kuti ntchito yapezeka. Zikalephereka, njira inali yopita kumsasa wa othawa nkhondo.

Mapepalawo anali a Chingerezi, pomwe amalume ankawerenga Chipwitikizi. Choncho ine, mtsikana wa sitandade sikisi, ndinasanduka maso awo. Ndinanyada, kusukulu anzanga mpaka kutopa nane.

Kunali m'chilimwe, kutentha kwa kuchigwa koti ngakhale mbuzi zimasowa pogwira. Komabe tinkagwira ntchito m'nyumba chitseko chili chotseka, chifukwa masiku amenewo mlendo wosewera ndi mawaya sankachedwa kunenezedwa kwa achipani. Thukuta linkadontha pamapepala. Chitsulo chowotcherera tinkachiika pambaula, koma chinkazizira tisanamalize waya mmodzi.

Kachipangizoko kanali konyada kuposa ine. Kankafuna mavoliti asanu, osachepera, osapitirira. Mabatire atatu a tochi ankaperewera, anayi ankapyola. Tinalanda anayi otopa a m'wayilesi ya mayi, iwo n'kumangoti, "Nkhani za maliro ndimvera kuti ine?" Kankafunanso kristalo, kachitsulo kokawerengera nthawi, ndipo amalume anakasaka sabata yathunthu. Zinkandikwana. Kanthu kochepa chonchi kutilamula tonse pakhomo.

Tsiku lolumikiza linafika. Pepala linati moto ulowere pa mwendo wa makumi anayi, ubwerere pa wa makumi awiri.

"Werenga ndiwe, mwanangu, maso anga ndi nkhungu yokhayokha," anatero amalume.

Ndinayambira pomwe panali kachizindikiro, n'kuwerenga mzere woyamba mpaka makumi awiri. Kenako ndinabwerera kumanzere kukayamba mzere wachiwiri, monga aphunzitsi anatiphunzitsira kuwerenga buku. Ndinaloza mwendo wotsiriza mosakayika konse. Chithunzi cha kuseri kwa pepala sindinachiyang'ane, poti wodziwa Chingerezi angafunirenji zithunzi?

Kababu sikanayake. Amalume anagwira mawaya, kusintha mabatire, kudikira. Kenaka kunamveka kafungo ngati ka pulasitiki yogwera pamoto. Atakhudza kachipangizoko anachotsa chala msanga. Anatembenuza pepala lija, naliyandikiza kumaso, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chawo chikuzungulira pang'onopang'ono.

"Kanali kakufa kale aka, mlongo," anauza mayi. Atatero ananditembenukira n'kundithokoza m'chinenero chakwawo. "Takhuta, mwanangu. Wawerenga bwino."

Ndinapsa mtima kwabasi. Kapitawo wamtundu wanji wopatsa munthu wovutika chinthu chakufa? Ndinamutukwana mumtima mwezi wonse, ndipo mvula yoyamba itagwa, amalume atanyamula kachikwama kawo kupita kumsasa, ndinamutukwananso mokweza mayi mpaka kunditsina.

Ndinali wamkulu kale, ndili ndi ana anga, pamene ndinaonanso chithunzi chotere m'buku la mwana wanga wa zamagetsi. Miyendo ija sawerenga ngati buku. Ukafika pa makumi awiri umawolokera tsidya pomwepo n'kubwerera chozungulira, monga wolima amatembenukira kumapeto kwa mzere. Mwendo wa makumi anayi unali moyang'anizana ndi woyamba.

Amalume anali atamwalira kale. Tsiku lija ndinaona chala chawo chikuzungulira pachithunzi, koma ndinkaganiza kuti akungopukuta thukuta langa papepala.