Akiselo ya Amake Tasha

Margreth Msaiwale anabadwira ku Mponela, kumene madzi oundana ankawaonera m'mafirizesi a pamsika basi. Wina akanamuuza ali mtsikana kuti adzavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi n'kumathamanga pa ayezi, akanaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma zinachitika, ndipo zinachitika imvi zitayamba kale kusuzumira m'mutu.

Kumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja, anabwera ngati namwino, pamodzi ndi amuna ake a Francis ndi mwana wawo Tasha. Anakhazikika ku Balga. Iye anapeza ntchito m'wodi ya mafupa, a Francis n'kupeza yoyendetsa zimagalimoto za miyala kumigodi ya kumpoto, kuja anthu amapita pa ndege, kukagwira masabata angapo, n'kubwera kudzapuma kunyumba.

Za ayezi anayambitsa ndi Tasha. Mwanayo anavuta kuti akufuna kutsetsereka ngati anzake a kusukulu, koma mwezi usanathe ananena m'Chingerezi chake cha m'mphuno kuti kumazizira ndipo n'zobowa. Amake, amene ankangodikira pabenchi manja ali m'khwapa, mtima unawawawa kuona nsapato zatsopano zikukagona m'galaja. Phazi la mayi ndi la mwana linali limodzi. Margreth anazivala.

Tsiku loyamba anazungulira bwalo atakakamira mpanda ngati khanda loyamba kuimirira, ana a eni akumudutsa uku ndi uku. Anabwerera kunyumba matako ali ndi mikwingwirima, mtima uli mbee. Kuchipatala thupi lake linali la odwala, lonyamula, kutembenuza ndi kusambitsa anthu. Kunyumba linali la banja. Pa ayezi pokha m'pamene linali lake, ndipo anapakonda ndi chikondi chochititsa manyazi kuchifotokoza kwa anzake.

Anzakewo sanachedwe kumva. Amayi Annastazia, mkulu wa azimayi a mumphakati, ankamulonjera pambuyo pa Misa anthu onse akumva.

"Amake Tasha, ndiye nkhani yovina mufiriji ija ikupitirirabe? Anzanu akudikira zidzukulu, inu mukusaka kuthyola chiuno!"

Margreth ankaseka nawo, koma zinkamulasa. Iye sankajomba pa za anzake. Pa chinkhoswe analipo, pa ubatizo analipo, wina akagonekedwa ndiye ankayamba kufika. Koma iye atawaitana kangapo kuti adzangomuona pa ayezi ngakhale kamodzi, onse ankati shifiti yathina.

Zaka zikupita anaphunzira kuyenda chammbuyo, kuzungulira pamwendo umodzi, ndi kudumpha ting'onoting'ono. Kenako mtima wake unagwera pa akiselo. Uku n'kudumpha kumene munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo, kuzungulira m'malere kamodzi ndi theka, n'kutera chammbuyo ndi mwendo umodzi. Ana amachita zimenezi akutafuna chingamu. Munthu wa zaka makumi asanu amayamba waganizira za amene adzamusambitse akagwa.

Mphunzitsi wake Cathy, mzungu wa tsitsi loyera, sankalola phuma. Anayamba ndi kumudumphitsa pansi pouma atavala nsapato wamba. Atalowa pa ayezi anamuveka kabudula wa masiponji, chipewa cholimba, ndi lamba wa m'chiuno womangidwa ku chingwe chodutsa kudenga, nsonga ina ili m'manja mwa Cathy. Margreth akaphonya, Cathy ankakoka, iye n'kulendewera ngati thumba pasikelo. Sanadandaule. Munthu amene amaona ziuno zothyoka tsiku ndi tsiku safuna kuuzidwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsoka ilo, nthawi sinadekhe naye. Atapita kukajambulitsa mafupa, dokotala anamuuza kuti ayamba kufumbwa mkati, ndipo zodumphadumpha azisiye. Anawauza a Francis mmawa wina akuwaperekeza kubwalo la ndege. Bambowo anali asanalowepo m'nyumba ya ayeziyo. Ankamusiya pakhomo n'kudikira m'galimoto, ati mtima wawo sungapirire kumuona akugwa.

"Amake Tasha, ine zodzakukankhani pa wilitcheya sindikuzifuna," anatero.

"Kamodzi kokha, abambo ake Tasha. Popanda chingwe, inu mukuona. Ndikatero ndisiya, ndizingozungulira ngati agogo anzanga."

"Ine ndizidzatsinzina."

"Mukatsinzina ndibwereza."

A Francis anaseka, maso ali pamsewu. Potsika anamugwira bondo.

"Chabwino. Mukadzakonzeka mudzandiuze, ndidzalowa. Koma kamodzi, mwamva?"

Kuyambira pamenepo Margreth ankadumphira chinthu chimodzi basi, choti bambo ameneyu adzakhale pabenchi paja n'kuona ndi maso awo chimene mkazi wawo wakhala akugwera zaka zonsezi. Ankachita zolimbitsa miyendo m'khitchini, kumwa mapiritsi ake osaphonya, ndipo akatopa ndi shifiti sankadumpha ngakhale mtima ukufuna. Mvula ya mu Julaye itayamba, anawaimbira a Francis kuti pobwera Lachisanu abwere ndi jekete lokhuthala.

Lachiwiri mmawa wa sabata imeneyo Cathy anamumasula lamba.

"Papita nthawi chingwechi ndikungochigwira, sindikukoka. Yesa lero. Sindikufuna kuti koyamba kadzakhale Lachisanu, miyendo ikunjenjemera chifukwa cha amuna ako."

Margreth anazengereza, poti kudumpha kumeneku kunali ndi mwini wake. Akuganiza choncho anaona chitseko chikutseguka, azimayi akulowa mondondozana. Patsogolo panali amayi Annastazia, pambuyo pawo mnzake Joan ndi ena a mumphakati, onse atamanga zitenje m'chiuno ndi mipango kumutu.

Mwana aliyense wa ku Mponela amadziwa chimene chachitika azimayi akatulukira chotero pakati pa sabata, atasiya ntchito zawo. Margreth nayenso ankadziwa, poti iye mwini anamangapo chitenje n'kukagogoda pakhomo la mnzake. Koma muno munali mozizira, ndipo iye anali atawadikira zaka zambiri. Anaganiza kuti afunda chifukwa cha chisanu. Anaganiza kuti abwera kudzamuona.

Zoona zake zinali zakuti a Francis anagwa mmawa womwewo akupita kukadya kukampu ya kumgodi, mtima n'kuima pomwepo. A Evaristo, amuna a amayi Annastazia, ankagwira nawo limodzi, ndipo anaimbira akazi awo. Foni ya Margreth inali ikulira yokha m'chikwama m'chipinda chosinthira. Azimayiwo anapangana ali m'galimoto kuti uthenga wotere sauza munthu ali chiimire, nanji ataima pa mipeni. Anati amuitane bwinobwino, atuluke, akhale pansi.

Amayi Annastazia anaima kumpanda n'kumukodola. Margreth anaona dzanja likukwera, naye anakweza lake, kumwetulira mpaka usinini, n'kutembenuka kupita kumapeto a bwalo.

Koyamba anachita mantha ali m'malere, n'kutera ndi miyendo yonse iwiri. Anapukusa mutu. Anazunguliranso chammbuyo, mphepo ikulira m'makutu, n'kutembenukira kutsogolo, kupinda bondo, kuponya mwendo. Denga linazungulira. Mpeni wa kumanja unaluma ayezi n'kugwira, ndipo Margreth anatsetsereka chammbuyo mikono ili tambalala, mwendo wina uli m'mwamba. Cathy anakuwa n'kudumpha ngati mwana. Kumpanda kuja Joan anatulutsa mawu akuthwa n'kudzitseka pakamwa ndi mpango, Margreth n'kuyesa nthungululu.

Anathamangira kugeti akupuma mwawefuwefu, misozi ya chimwemwe ili mbwembwembwe.

"Mwaona? Amayi, mwaona? Kuvina mufiriji kuja n'kumeneku!"

Iye anali asanathe.

"Koma chonde, musawauze a Francis. Inu amayi, a Evaristo asamve, mukuwadziwa pakamwa pawo sipasunga kanthu. Akubwera Lachisanu. Ndikufuna adzayese kuti ndi koyamba."

"Bwerani, mwana wanga," anatero amayi Annastazia. "Bwerani mukhale pansi kaye."

Anamugwira mikono uku ndi uku ngati wodwala n'kumukhazika pabenchi. Azimayi ena anakhala momuzungulira, mapewa akugundana ndi ake. Kenako amayi Annastazia, munthu wamkulu wa maondo ovuta amene ngakhale m'tchalitchi ankapemphera chokhala, anagwada pansi ponyowa paja n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

"Ayi amayi, si bwino, ndivula ndekha," anatero Margreth akusekabe.

Amayiwo sanadzutse mutu. Zala zawo zili pamfundo, dontho linagwera pachikopa choyera cha nsapato, lina n'kutsatira. Kuseka kunamuthera Margreth. Anayang'ana nkhope imodziimodzi, ndipo aliyense anathawitsa maso. Apa m'pamene anaziona bwino zitenje zija.

"Ndani? Tasha?"

"Tasha ali bwino, ali kuyunivesite. Ena apita kukamutenga," anatero Joan.

"Ndiye kumudzi? Amayi anga?"

Amayi Annastazia anapukusa mutu. Anali atamasula nsapato ya kumanja, ataigwira ku chidendene kuti aivule. Anatchula dzina la a Francis motsitsa, ngati akuopa kuwadzutsa.

Margreth sanakuwe. Anawerama, n'kugwira manja a amayiwo mwamphamvu, n'kubwezera phazi lake mkati.

"Dikirani, musavule," anatero. "Sanaone."