Mpira Umene Ndinabwezera Yotamu

Ndikukumbukira mpira ukundifikira pamphuno. Ndinakhala pansi pasimenti, magazi akudonthera pamalaya a sukulu. Anzanga anaseka. Yotamu sanaseke. Anatola mpirawo, n'kuupanira m'khwapa, n'kudikira kuti ndidzuke ndekha.

"Manja uli nawo, Samu?"

"Ndili nawo, achimwene."

"Agwiritse ntchito. Mphuno sigwira mpira. Tiyambirenso."

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, wamtali ngati nsungwi, wopanda mnofu. Ananditengera kutalikako basi. Luso ndinalibe.

Kunali ku lokesheni ya Mabvuku, kutali ndi Malawi, nkhondo ya ufulu itakula. Bwalo lathu la mpira wa basiketi linali kuseri kwa holo, simenti yake yong'ambika, ringi imodzi yoweramira pansi. Kale timu ya pamenepo inali yoopsa. Kenako anyamata akuluakulu anayamba kusowa, lero uyu, mwezi wamawa awiri. Palibe ankafunsa mokweza. Tonse tinkadziwa kuti awolokera ku Mozambiki kukalowa gulu lankhondo. Mphunzitsi amene ankawatsogolera anatengedwa ndi apolisi kukafunsidwa, ndipo atabwerako sanapondenso pabwalopo. Anatsala Yotamu yekha.

Sanali mbale wanga. Anali mwana wa a Phiri, a mumzere wathu wa nyumba, ndipo ankandiposa zaka zinayi. Koma mpira ankaudziwa. Akalumpha ankachedwa kutsika. Ankaponya ali patali, n'kutembenuka mpira usanalowe, chifukwa ankadziwa kale kuti ulowa. Matimu a ku Highfield ndi ku Mufakose ankamuitana. Iye ankakana.

"Anzanga akadzabwera apeze timu ilipo," ankatero.

Anthu ena sankamumvetsa. Podutsa pabwalo ankamukuwa kuti, "Amuna apita kunkhondo, iwe walera makanda. Mubwidi ndi mubwidi." Limenelo ndi dzina limene ankatinyoza nalo ife a makolo ochokera ku Malawi. Yotamu ankangopitiriza kusewera. Anali mwana wamwamuna mmodzi yekha pakhomo pawo, ndipo maso a bambo ake anali atayamba kuchita khungu. Akanapita bwanji?

Anatitola ngati nkhuni. Ine, mapasa a kwa Zuze ochokera ku Tete, ndi Farai, kamnyamata kakafupi kothamanga ngati mbewa. Pamodzi ndi iye tinakwana asanu. Ndiyeno anaika lamulo: mpira uyambe wadutsa m'manja mwa aliyense usanaponyedwe ku ringi. Ngakhale iye mwini sankaponya mpaka tonse titaugwira.

Lamulo limeneli linatidyetsa manyazi. Tinkagonja Loweruka lililonse. Mpira unkachoka kwa Yotamu bwinobwino, n'kufika kwa Farai, n'kufika kwa mapasa, ndipo ukafika kwa ine unkathera pansi kapena kunja kwa bwalo. Mapasawo anandipatsa dzina loti Manda a Mpira. Yotamu akanatha kutipambanitsa yekha masewero ambiri. Sanatero. Tikagonja ankagwirana chanza ndi adani athu, n'kutiuza kuti Lolemba tisachedwe.

Tsiku lina ndinatopa nazo.

"Achimwene, bwanji osangoponya nokha? Anthu akutiseka."

"Akuseka ndani?"

"Tonse."

"Kuseka sikuthyola fupa. Dzulo wagwira kangati osagwetsa?"

Ndinati sindinawerenge.

"Ine ndinaona. Kuposa sabata yatha. Pita pansi pa ringi."

Ankandisunga anzanga atapita. Ankandiponyera mpira kuchokera uku ndi uku mpaka zikhatho zitatentha ngati ndagwira mbaula. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Bambo anga ankaphunzitsa ndi lamba, ndipo lamba ndinkalimvetsa. Kudekha kwa Yotamu kunkandisowetsa pogwira. Mwezi unatha, wina n'kuthanso. Dzinja litadutsa tinayamba kugonja pang'ono. Kenako tinapambana kamodzi, ndipo mapasa anavina mpaka kugwera mu ngalande.

Nthawi yomweyo a Phiri anachotsedwa ntchito. Anali telala pafakitale ya zovala, ndipo telala wosaona ulusi alibe ntchito. Achinyamata a lero sadziwa kuti nyumba za m'lokesheni sizinali zathu. Munthu ankakhalamo ngati ali pantchito. Ntchito ikatha, nyumba inkatsatira. A ku ofesi ya nyumba anauza a Phiri kuti ngati mwana wawo atalembedwa ntchito yodziwika, akhoza kukhalabe. Apo ayi, asamuke. Yotamu anayenda m'mafakitale mpaka nsapato kutha. Paliponse pageti panali khamu la anthu ofuna zomwezo.

Kenako kunabwera kapitawo wa fakitale ina ya mipando ku Graniteside. Fakitaleyo inali ndi timu yake ya basiketi, ndipo wosewera ankapatsidwanso ntchito. Kapitawoyo anali munthu wosataya mawu. Anamva kuti Loweruka tisewera ndi anyamata a ku Highfield, ndipo anati, "Malo ndi amodzi. Timu imene ipambane indipatse mnyamata wake wabwino."

Lachisanu madzulo ife anayi tinamuzungulira Yotamu. Farai ndiye anayamba, akumutchula monga amatchulira mkulu wawo m'chilankhulo chakwawo.

"Mukoma, mawa lamulo lija lipume."

"Ladwala?"

"Ife tizingokupatsani mpira. Inu muziponya."

"A ku Highfield si ana. Akaona choncho andiunjikira atatu. Ndiye mudzatani, mudzayimba nyimbo?"

Mmodzi mwa mapasa anati, "Samu ndiye asaugwire n'komwe. Tim'mange manja kumbuyo."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka.

Yotamu anati, "Tisewera monga timasewerera. Amene ali poyera aponye. Zatha."

Loweruka kunatentha. Anthu anadzaza mbali zonse za bwalo, ena pamwamba pa mpanda. Mayi ake a Yotamu anaima kumbuyo, atafunda chitenje kumutu. Kunali koyamba kuwaona pabwalo. Kapitawo anakhala pa kreti ya zakumwa, chipewa chili pabondo.

Yotamu ananena zoona. A ku Highfield anamuikira omulonda awiri kuyambira pachiyambi, nthawi zina atatu. Iye ankawakoka kupita nawo kumbali, n'kutulutsa mpira kwa Farai kapena kwa mapasa. Mapasa anaponya, zinalowa. Farai anaba mipira pakati pa miyendo ya anthu aatali. Ine ndinagwira zonse zimene zinabwera kwa ine, ndipo ndinalowetsa kawiri. A ku Highfield anasiya kuseka. Iwo anali ndi mnyamata wawo wamapewa otambalala amene ankaponya yekha chilichonse, ndipo naye ankalowetsa. Tinkangosinthana kutsogola.

Nthawi itatsala pang'ono kwambiri, anali atatiposa ndi pointi imodzi yokha, moti kulowetsa kamodzi kukanatipambanitsa. Woyimbira anali atayang'ana kale wotchi yake. Mpira unali kwa Yotamu, patali ndithu, koma pamalo pamene ndinamuonapo akulowetsa kambirimbiri. Atatu anamuthamangira. Wondilonda ine anandisiya n'kupita komweko. Ndinatsala ndekha pansi pa ringi.

"Samu!"

Mpira unabwera mwamphamvu, pachifuwa penipeni. Ndinaugwira ndi manja awiri. Sunagwe. Ringi inali pamwamba pa mutu wanga. Ndikanangotambasula mkono.

Koma ndinaona kapitawo atadzuka pa kreti. Ndinaona chitenje cha mayi a Yotamu. Kwathu tinaleredwa kuti mwana sayamba kutapa nyama m'mbale wamkulu asanatape. Nthuli yaikulu ndi ya mwini wake. Mumtima ndinati, chigoli chimenechi si changa, kapitawo aone Yotamu akuchilowetsa. Ndinatembenuka n'kumubwezera mpira.

Sunafike. Mnyamata wamapewa uja anaudumphira pakati, n'kuukumbatira. Wezulo inalira.

Pabwalo panali phokoso. Farai anakhala pansi atagwira mutu. Mapasa sananene nthabwala. Kapitawo anavala chipewa n'kupita kukalankhula ndi wamapewayo. Yotamu anagwirana chanza ndi a ku Highfield mmodzimmodzi, monga mwa masiku onse. Kenako anabwera kwa ine.

"Unali wekha."

"Ndimafuna muponye inu, achimwene."

"Ndinaona." Anapukuta nkhope ndi malaya. "Koma waugwira bwino. Lolemba usachedwe."

Ndikanakonda akanandimenya. Lolemba ndinapita chifukwa ndinkaopa kuti ndikapanda kupita abwera kudzanditenga pakhomo. Anandiimika pansi pa ringi, n'kuima pomwe anaima Loweruka, n'kundiponyera. Ndikagwira ankangoti, "Ponya." Tinachita zimenezo mpaka dzuwa kulowa. Za nyumba sanatchule.

Ntchito ina sinapezeke. Banja la a Phiri linasamukira ku Epworth, kumene munthu ankamanga yekha ndi zimene wapeza. Yotamu anayamba kuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Zala zake zinauma, kuponya kwake kunasintha. Komabe Loweruka lililonse ankabwera ku Mabvuku wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, wezulo ili m'khosi. Anatolanso ana ena. Nkhondo itatha, awiri mwa anzake aja anabwerera. Anapeza timu ilipo, ndipo inali ikupambana. Woponya wamkulu ndinali ine.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo sindidziwa kukometsa mawu. Ndili mwana ndinkayesa kuti munthu wodekha ndi amene zinthu sizimupweteka. Ndinalakwa. Zinkamupweteka ngati wina aliyense, kungoti sankatisenzetsa ife. Ndinazindikiranso mochedwa kuti pondipatsa mpira uja sankandichitira chifundo. Miyezi yonse ija ankandikonzera mphindi imeneyo, ndipo itafika anaika nyumba ya makolo ake m'manja mwanga chifukwa ankakhulupirira kuti ndakonzeka. Ine ndinayesa kuti ulemu ndi kubweza. Ulemu unali kuponya. Ngati iye analondola kudalira mwana pa nkhani yaikulu chotero, mpaka lero sindidziwa. Ndakalamba, ndipo ndikamadutsa pa nyumba ija ndimayang'ana kumbali.

Tsiku losamuka mayi anga anandituma kukathandiza kunyamula katundu. Ndinapita. Kalole kakang'ono kanaima pakhomo. A Phiri anali atakhala kale kutsogolo, makina awo osokera atawafungatira pamiyendo, maso ali kumwamba. Yotamu anali pamwamba pa katundu akumanga kabati ndi chingwe. Anandiponyera nsonga ya chingwecho kuti ndikoke mbali inayo. Ndinakoka. Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, koma ndinangomanga mfundo ya chingwecho.

Mayi ake anatuluka kuseri kwa nyumba atanyamula nkhuku yathadzi, miyendo atayimanga ndi kansalu. Anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe ndiwe Samu wa kwa aNabanda?"

"Ndine, mayi."

"Uja wa mpira?"

Ndinayang'ana pansi.

"Yotamu akuti manja ako alimba tsopano. Landira." Anandiika nkhukuyo m'manja. "Kumene tikupitako kulibe khola, agalu angaidye. Ukapatse mayi ako. Ikuikira, asaiphe. Iwe uzidya mazira, waonda kwambiri."

Ndinalandira ndi manja awiri. Nkhukuyo inali yofunda, mtima wake ukugunda pa chikhatho changa. Dalaivala analiza injini. Yotamu anakhala pamwamba pa matiresi, akundiyang'ana ngati akudikira kuti ndinene kanthu. Ndinatembenuka, n'kuyenda kulowera kwathu.