Khoma la pabwalo lathu la mpira

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mpira wamanja. Ndinkasewera m'timu ya atsikana kwathu, kufupi ndi Mitundu, pabwalo lomwe anyamata ankamenyeraponso wamiyendo. Chaka cha chisankho kunabwera akuluakulu a boma kudzalonjeza bwalo lamakono, la mpanda wa njerwa ndi zipinda zosinthiramo zovala. Kontirakitala atayamba kulemba aganyu, mphunzitsi wathu wa mpira, a Nachisale, anatilimbikitsa. "Pitani, ana inu. Bwaloli ndi lanu."

Katapila anapala kapinga yense n'kuzula magoli. Ife tinatsatira ndi mapiki ndi mafosholo, kukumba maziko motsata chingwe. Kumunsi kwa bwalo kunkatsetserekera kudambo, ndipo dothi lake linali lakuda, lokakamira kufosholo. Tisanafike n'komwe polimba, kapitawo wathu, a Kamwendo, ankati, "Pakwana pamenepo, thirani konkire."

Kenako anandiika posakaniza matope limodzi ndi mayi Nangozo, amasiye a ku Nathenje, amene ankagona kwa mchemwali wawo kuti azilawirira kuntchito. Iwo ankatuta mchenga pa wilibala, ine n'kumatembenuza ndi fosholo. Thumba limodzi la simenti tinkalithira mumchenga woyenera matumba awiri. Matope ake akauma, ukawafinya ankayoyoka ngati gaga. Amisiri ankang'ung'udza, koma aliyense ankaopa kuchotsedwa.

Oyendera ntchito ochokera ku Lilongwe anabwera kamodzi kokha. M'mawa mwake tinali titapaka laimu mbali ya khoma yoyang'ana kumsewu. Galimoto itaima, mmodzi anatsitsa galasi n'kujambula ndi foni.

"Zikuyenda, eti?"

"Kwambiri, bwana," anayankha a Kamwendo.

Palibe amene anatsika.

Mvula itakhazikika, madzi anayamba kudikha m'munsi mwa makoma. Tsiku lina masana inabwera yamphepo. Zipinda zija zinalibe denga, choncho tinathamangira kuseri kwa khoma lalitali. A Kamwendo anandikuwira kuti ndikafunditse simenti ndi pulasitiki. Ndili kumeneko ndinamva chiphokoso ngati ngolo yakhuthula miyala. Potembenuka, khoma kunalibe.

Ena anali atathawa, koma mayi Nangozo anapanikizika kuyambira m'chiuno kupita kumapazi. Tinafukula ndi manja mvula ikutimenya. Njerwa zinkachoka zoyera, zopanda matope omata. Iwo sanalire. Anangondigwira mkono n'kunena kuti, "Mwanawe, wina apite ku Nathenje. Ana anga asamve kwa anthu a m'njira."

Tinawanyamula pa chitseko mpaka kumsewu. Kuchipatala anawadula mwendo wakumanja.

A Kamwendo sitinawaonenso, ndipo foni ya kontirakitala inasiya kulowa. Pamsonkhano umene makolo anaitanitsa ndi pamene tinamva kuti kontirakitalayo anali wogula fodya, sanamangepo ngakhale chimbudzi. Amene anamupatsa ntchito sanapite kukaona ngati pali chimene anamangapo, ndipo dothi lija panalibe amene analiyeza. Mkulu amene anatumidwa kuchokera kuboma anati afufuza. Mpaka lero tikudikira.

Pabwalo paja tsopano pali zigwembe ndi chisoso. Timu yathu inatha, atsikana ambiri anakwatiwa chaka chomwecho. Mayi Nangozo amagulitsa tomato atakhala pamphasa ku Nathenje, ndipo mwana wawo wamkulu anasiya sukulu kuti azilima.

Panopa ndili m'komiti ya sukulu ya ana anga. Chaka chatha atatibweretsera womanga makalasi, ndinafunsa kumene anamangapo. Anatchula sukulu ina ya ku Diamphwe. Anzanga anati ndikuchedwetsa chitukuko. Ndinakwera minibasi ndekha, msomali uli m'chikwama, ndipo nditafika ndinakanda pakati pa njerwa ana asukulu akundiyang'ana modabwa. Msomali unapindika. Ndi pamene ndinabwerera kukavomera.