Ndinamata Stika Ija Ndine

Apongozi anga, amuna a mwana wanga, atagula motoka, ndinamata stika ya vesi pabampa yakumbuyo kuti Mulungu aziwasunga pamsewu. Ndinaphimba kanthu konga batani, osadziwa kuti ndi kamene kamachenjeza pobwerera m'mbuyo.

Basi motoka inayamba kulira ngakhale kumbuyo kulibe kanthu. Makanika wa ku Chinyunyu anagona kunsi kwake mpaka masana, akuyesa mawaya ndi mafyuzi. Atamatula stika, kulira kunaleka.

"Anamata ichi ndani?" anafunsa, thukuta lili kamukamu.

"Kaya, mwina ana," ndinatero ine, mayi wa mapemphero, maso ali pansi.

Apongozi anaimata pagalasi akumwetulira. "Amayi, mukawauze anawo kuti vesi anasankha bwino, koma malo."

Mulungu awadalitse, sanandifunsenso.