Tsiku limene sitima inandigunda ndili khale pa benchi

Anthuni, nkhaniyi si yopeka iyayi, ndipo wokayika abwere kuno ku Nkaya adzafunse amayi a kutchalitchi kwathu, chifukwa onse analipo tsiku limene ndinaona imfa yanga ndi maso angawa. Ine kusukulu sindinapondeko, akundilembera ndi mdzukulu wanga wamkazi, yemwenso ndi mwini mlandu wonsewu.

Zaka zingapo zapitazo mtsikanayu, amene amaphunzira zojambula mafilimu, anabwera ndi anzake kudzapanga kanema wochenjeza anthu za kuoloka njanji mosasamala. Anandipempha kuti ndingosenza dengu la nandolo n'kuoloka monga ndimachitira masiku onse, poti munda wanga uli tsidya lina la njanjiyo. Ndinaoloka katatu, sitima kunalibe, ngakhale kulira kwake. Kenako anati nditembenuke n'kutong'ola maso ngati ndaona njoka, ine n'kutong'oladi, tonse kuseka, basi ndinabwerera kwathu.

Patatha mwezi anadzationetsa kanemayo masana m'kalasi, titakhala pa mabenchi, mazenera atatchinga ndi mabulangete. Poyamba ndinkanyada, poti chitenje changa chinkaoneka chatsopano pomwe chinali chakale. Koma mwadzidzidzi mbalame zonse za m'kanemamo zinangoti zii, kunangotsala kang'oma kogunda ngati mtima, di, di, di, ndiye sitima inatulukira, yaikulu ngati phiri, ndipo ndikanalumbira kuti ili pamsana panga penipeni. Ndinaona maso anga otong'ola aja, kenako mdima, n'kumveka kuti phwa! Dengu likugubuduzika, nandolo mbwee m'miyala. Amayi anakuwa, ndipo mnzanga wachisilamu woyandikana naye nyumba anandigwira dzanja kuti amve ngati ndikadali wofunda. Inuyo mukanatani?

Ndinati amenewa ndi malodza, ndaonetsedwa mmene ndidzafere. Milungu iwiri sindinayandikire njanji, uku nandolo akusweka okha m'munda, mbuzi za anthu zikuchita phwando pa ndiwo zanga za chaka chonse. Kuonjezera apo kanemayo anayenda m'mafoni mpaka ku Liwonde, ndiye alamu anga anatsika minibasi ndi ufa ndi nkhuku ya pamaliro, kulira kuyambira kumsewu, ndipo atandipeza ndikusesa pabwalo anaponya nkhukuyo n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe, akuitana oyera mtima onse mayina.

Mdzukulu wanga atamva anabwera ndi kompyuta yake, n'kutikhazika ine ndi alamuwo pansi pa mango. Anati ndiloze ndi chala pamene sitima ikundikhudza. Anayendetsa pang'onopang'ono, chithunzi chimodzichimodzi: nkhope yanga, sitima, nkhope yanga, mdima, dengu. Ndinafufuza katatu konse, sindinapapeze! Ine ndi sitimayo sitinakumanepo m'chithunzi chimodzi. Anafotokoza kuti sitimayo anaijambula tsiku lina ine ndili kumsika ku Balaka, kamera ataigoneka pansi m'mbali mwa njanji kuti ioneke yaitali, kenako anadula n'kusoka zidutswazo monga timasokera zigamba. Mbalame anazitontholetsa dala kuti mitima yathu ikwere m'mwamba, ndipo dengu analiponya yekha. Nanga phwa uja? Apo anaseka mpaka misozi, n'kuulula kuti linali dzungu langa lomwe, lija ndinalisowa n'kunamizira anyani, analiphwanya ndi musi pafupi ndi maikolofoni. Ha, munthu kulira maliro a dzungu milungu iwiri!

M'mawa mwake ndinaoloka njanji, alamu anga ali pambuyo ndi dengu, ndipo tinapulumutsa nandolo wokwanira ndithu. Nkhuku ya pamaliro anga ija tinadya tonse, ine mwini malirowo n'kutenga chiwindi. Masiku ano mtsikanayu akafuna phokoso la mvula loika m'kanema amabwera kwa ine, ndimamukhuthulira mpunga pa lichero mpaka iye mwini amayang'ana kumwamba.

Tsopano ndimakhulupirira kuti imfa ija sanaijambule iyayi, ndinaimaliza ndekha m'mutu mwanga, khutu litanamiza diso. Choncho mukaona zoopsa pa foni musathamangire kugula nkhuku, yambani mwafunsa kuti anadula pati. Koma mukafika pa njanji imani, yang'anani uku ndi uku, chifukwa sitima yeniyeniyo ikati phwa, chophwanyikacho sichikhala dzungu.