Sikelo ya m'thumba la jekete

Aneba athu ku Thambani anapuma ntchito yoyendera masikelo m'masitolo, koma kasikelo kawo sikanapume. Kamakhala m'thumba la jekete, ngakhale popita kutchalitchi. Akagula shuga kapena mchere, amakoleka paketiyo pa sikelo wogulitsa akuona. "Pepala silinama," amatero, "wonama ndi amene walimata."

Chaka chatha akazi awo anayamba kugulitsa nsinjiro m'mapaketi olembedwa kilogalamu imodzi. Ankayezera chitini chakale cha mkaka, osadziwa kuti chinapindikira m'kati kunsi kwake. Madalawo atakoleka paketi imodzi, anapeza kuti ndi yoperewera.

"Mayi, katunduyu sachoka pakhomo pano."

"Mukugwira ine, mkazi wanu?" anafunsa mayiwo. "Pikapu yonyamula katunduyu kupita ku boda ikunyamuka."

"Inyamuke."

Pikapu inapitadi. Madala anakhala pamphasa n'kumasula mapaketi onse makumi anayi, kuwonjezera ndi supuni, kumatanso ndi kandulo mpaka zala kupsa.

Lero madalaivala a ku boda akafuna nsinjiro amati, "Tipatseni zodzadza zija." Mayi amati ndi luso lawo. Madala satsutsa, koma chitini chija anadzalamo tsabola.